Magalasi Anga ndi Njoka ya M'khola

Koleji ndinaisiya m'chaka chachiwiri, wopanda pepala lililonse. Chimene ndinabwera nacho kwathu ku Chiparamba ndi magalasi a maso basi, ndipo amayi ankawayang'ana ngati mbuzi imene yadya mbewu.

Tsiku lina m'mawa, m'khola la nkhuku munalowa njoka ya mamba, yolavulira m'maso ija. M'kholamo munali thadzi la amayi, litafungatira mazira khumi ndi awiri. Malume, mlenje wotchuka wa mbewa, anayatsa chidutswa cha tayala kuti utsi uitulutse njokayo, koma panafunika munthu wokachiika pakhomo pa khola.

"Apite wa magalasiyu," anatero malume ali kuseri kwa nkhokwe. "Ife maso athu alibe zitseko."

Amayi anaima patali ndi kapu ya mkaka, poti kwathu malovu a njoka akalowa m'maso timatsuka ndi mkaka. Ndinanyamuka ndi ulemu wonse wa munthu wophunzira. Nditangowerama pakhomopo, njokayo inadzutsa mutu n'kulavula. Malovu onse anathera pa galasi lakumanzere. Utsi utachuluka, inatulukira kumbuyo n'kulowera m'munda wa thonje, thadzi lili phee pa mazira ake.

"Mwaonatu, achimwene?" amayi anauza malume. "Sukulu ija sinapite pachabe."

Mkaka uja anandithirira m'tiyi. Mazira aja anaswa onse, ndipo amayi anandipatsapo katambala kamodzi. Satifiketi yanga yokhayo ndi imeneyo, ndipo tinaidya pa Khirisimasi.