Mkamwini Wokupiza Makina

Kwa Mposa mukafunsa za a Wadson, n'ngochepa amene angakuuzeni kuti ndi aphunzitsi a fizikisi pa sekondale yoyendera. Ambiri amangoti, "Oo, mkamwini wokupiza makina uja?" Dzinali analitola okha pakhonde pawo, ndipo linawakakamira ngati chisoso.

Kwawo ndi kwa Nsamala ku Balaka. Kuno anadzakwatira a Maness, n'kumanga nyumba pamudzi pa mkazi, moyang'anizana ndi apongozi. Kusukulu, phunziro la kutentha ankaliphunzitsa ndi msomali ndi kandulo chaka ndi chaka, mpaka imvi zinayamba kusuzumira. Atatopa nazo analembetsa digiri yachiwiri yophunzirira kunyumba. Kafukufuku wawo anali wa mmene kutentha kumayendera m'tinthu tating'onoting'ono ta m'kati mwa foni ndi kompyuta, tochepa moti tsitsi la munthu n'chimtengo pafupi nato. Tinthu totere sungatigwire ndi dzanja. Umalemba masamu ake mu kompyuta, iyo n'kuwerengera kuyambira m'mawa mpaka madzulo osapuma. Ikazima pakati, zonse zapita, uyambirenso.

Nkhani inagona pamenepo. Laputopu ya a Wadson inali nkhalamba, ndipo magetsi a pakhomopo anali a sola, ya batire lotha mphamvu. Dzuwa likaswa mtengo sola inkakoka moto bwino, koma laputopu inkatentha n'kuzima yokha. Munthu wodziwa kutentha mpaka kumizu, koma dzuwa la Okutobala linkamugwetsa chagada Loweruka lililonse, tsiku lokhalo limene ankapeza mpata.

Laputopuyo anaikhazikapo pa njerwa, osathandiza. Anaikhazika pa mtsuko wa madzi akumwa, inangowonjezera kanthawi. Mapeto ake anatenga lichero la akazi awo n'kumaikupiza tsiku lonse, thukuta lili kamukamu, anthu opita kudimba akuseka chamumtima.

Apongozi sankalankhula nawo maso ndi maso, pajatu mwambo sulola. Mawu ankadzera mwa mwana wawo.

"Amayi akufunsa," anatero a Maness tsiku lina, "kuti mizere ya kumunda kwawo aunge ndani, poti inu muli ndi wodwala pakhondepa."

"Auzeni ndikangomaliza."

"Chaka chathanso munatero, bambo."

Mawuwo anawapweteka chifukwa anali oona. Kenaka mphunzitsi wowayang'anira ku yunivesite anaimba foni. "A Wadson, nthawi yanu inatha kale. Zotsatira zikapanda kufika Novembala asanathe, dzina lanu lichotsedwa. Pamenepo ine ndilibe chochita."

Loweruka lomaliza la Novembala kunacha ndi mvula yodzalira. Itakata, mudzi wonse unanyamula makasu ndi mbewu. A Maness anaima pakhomo n'kuyang'ana amuna awo, koma iwo anayang'ana pansi.

"Lero lokha," anatero a Wadson.

A Maness anangolondola amayi awo kumunda.

Kunja kunali kozizira. Kwa nthawi yoyamba laputopu inayenda phee, yosafuna lichero. Kamzere kosonyeza ntchito kanakwawa, kanadutsa pamene kankafera masiku onse, kanapitirira. A Wadson anamva chimwemwe chimene anali atachiiwala.

Koma mitambo sinasunthe. Kopanda dzuwa sola ikoka chiyani? A Wadson anatuluka pabwalo n'kuyamba kufunafuna kumwamba dzuwa lomwe anakhala akulitukwana miyezi yonseyi. Masana batire la sola linatha. Laputopu inapitiriza ndi kamoto kake ka m'kati, kamzere kaja katatsala pang'ono kugunda kumapeto. Anaigwira m'mbali ndi manja onse awiri, ngati kuigwirako kungaipatse mphamvu. Inazima ili yozizira bwinobwino.

Sanakalipe, sanalire. Anangomva kutopa kofika m'mafupa, kwa zaka zonse zimene anathera pakhondepo. Anaitseka, anapachika lichero pamsomali pake, anatenga khasu.

Kumunda anapeza anthu atatsala ndi chigawo cha kumunsi chokha. Apongozi atawaona akubwera anatembenukira kwa mwana wawo, akumwetulira.

"Maness, tawafunsa, wodwala uja ali bwanji?"

"Watisiya," anayankha a Wadson, maso ali m'dothi.

Mayi wina anayamba kuseka, koma analekeza poona nkhope ya a Maness. Apongozi makinawo sankawadziwa, digiri sankaidziwa, koma munthu wotaya chimene wachisamala zaka zambiri ankamudziwa. Anasendera pafupi, chinthu chimene sanachitepo chibwerere mkamwiniyo pamudzipo, n'kulankhula nawo okha.

"Pepani, bambo. Munayesetsa, tonse timaona." Anamasula mfundo ya chitenje momwe munali mbewu. "Inu kumbani mapando, ine ndiziponya."

A Wadson anawerama n'kukumba phando loyamba.