Wapakati Akadwala, Dinani Paliponse

Ndakhala padziko pano mpaka mano kundithawa, ndipo anthu andiyang'ana nkhope, andiyang'ana mizere ya m'munda, andiyang'ana chitenje cha Lamulungu. Koma wondiyang'ana chala chachikulu ndinamuona mmodzi yekha, mtsikana wa m'tauni, chaka chimene mdzukulu wanga anali ndi pakati poyamba.

Mdzukuluyo ndi wa mwana wanga wamkazi. Mayi ake anatisiya iye akukwawa, ndiye phala ine, sukulu ine, chinkhoswe ine. Mwamuna wake anapita ku Joni mimba isanaoneke, natisiyira kafoni ka mabatani kuti aziimba. Pakhomo tinatsala awiri, wachitatu ali m'njira.

Mantha anga anali amodzi. Kwathu kuno kuseri kwa Chileka chipatala chili kutali kwa woyenda pansi, ndipo azamba anawaletsa kalekale. Tsiku lake likadzafika, iye ali gone pamphasa, wothamanga ndi ine, woitana thandizo ndi ine. Ine amene foni ndinkadziwa kuyankha kokha: ikalira ndidine pobiriwira, ndikuwe halo mpaka nkhuku kubalalika. Manambala ndinawadziwira kusukulu ya kwacha, koma zilembo timaonerana patali ngati munthu ndi apongozi ake.

Kusikelo ya amayi apakati anatiuza kuti kukubwera nambala yoimba ulere. Ukaimba, mawu ojambulidwa akufunsa, iwe udina batani, basi njinga yamoto ya ngolo m'mbali inyamuka ku Lirangwe kudzatenga wodwala. Koma okonza nambalayo ankafuna aone kaye mmene agogo akumudzi angaiimbire. Mdzukulu wanga, wopanda manyazi, anagwira dzanja langa n'kulikweza.

Ndi mmene anafikira mtsikanayo, pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze, wowonda, wa magalasi. Ndinamuyalira mphasa, tinalonjerana, ine n'kutambasula dzanja kuti andipatse mayeso akewo, ndilephere msanga, ndibwerere ku ntchito zanga.

"Anganga, foni ikhale kaye," anatero. "Sindinabwere kudzayesa inu. Ndabwera kudzayesa nambala yathu. Mukasokonekera, yalakwa ndi iyo."

"Chinthu chimalakwa, mwanangu? Khasu likakutema phazi, wopusa ndani?"

"Wosema mpini, ngati anasema wokhota."

Ndinamuyang'ananso bwino. Mwana wa ndani uyu, ndinadzifunsa, wobwera kudzaimba mlandu mpini wosema yekha?

Anatipempha kuti tiyerekeze. Nthawi yakwana lero, mdzukulu wandiitana, ine ndichite zonse zimene ndidzachite, iye azingotsatira. Mdzukulu wanga anagona pamphasa n'kumabuula zabodza, kuseka kukumutsamwitsa. Ine ndinasiya mbale zimene ndinkatsuka, manja ali chinyowere, ndinalowa m'nyumba kukasolola beseni ndi zitenje zimene tinasungira tsikulo. Kenako foni. Foni inkakhala m'chitini cha nyemba, kuopa makoswe. Ndinaivuula, ndinatuluka nayo, koma pabwalo pathu palibe netiweki. Netiweki yathu imakhala pachulu, kuseri kwa khola. Ndinakwera chulu ndi mawondo angawa, mpweya uli wefuwefu. Dzuwa linamenya pagalasi, manambala onse zii. Ndege nayo inasankha nthawi yomweyo kudutsa, kubangula kwake kumiza dziko lonse.

Mtsikana ali pambuyo panga phee. Sanandigwire dzanja, sanandikonze, sanandiuze kuti mukadatere. Maso ake ali pa chala changa ngati pali golide.

Titakhala pansi anandibwezera ntchito yangayo nthulinthuli, monga amagawira nyama paukwati. Iyi nthuli ya manja onyowa, iyi ya chitini, iyi ya chulu, iyi ya dzuwa, iyi ya ndege. Anafunsa kuti yoyamba ndi iti, ndipo ndi iti imene sindingaidumphe ngakhale atandilipira. Ine ndinkati ntchitoyi ndi imodzi, dzina lake kuthamanga. Osadziwa kuti m'kuthamanga kwanga muli midzi ndi midzi, ndipo mudzi uliwonse uli ndi galu wake. Ndinagwira pakamwa. Zaka zonsezi ndakhala m'thupi langa, mlendo wa m'mawa umodzi n'kundisonyeza njira zake.

Tinabwereranso pachulu, iye atandiimbira nambala yoyeserera.

"Tsopano, anganga, podina muzilankhula zimene zikuyenda mumtima."

"Zamumtima salankhula pamaso pa mlendo, mwanangu. Timaziimbira pamtondo."

"Ndiye imbani."

Ine kundiuza kuti imbani kuli ngati kuuza mbuzi kuti lowa m'dimba. Ndinaika foni kukhutu. Munatuluka mawu a bambo, othamanga ngati kondakitala wa minibasi: "Ngati mayi akufuna kubereka, dinani wani. Ngati munthu wadwala, dinani thu." Ndipo ine ndinayamba:

Mwana wanga wadwala, ee wadwala,
chala changa usagone, pita pa thu,
bambo wa m'foni wandimvera chisoni,
pita pa thu, pita pa thu.

Ndinadina thu. Bambo uja anayamba kundifunsa za kutentha thupi, za chifuwa, za kutsegula m'mimba. Nyimbo inakhota yokha:

Bambo wa m'foni, khutu unasiya kuti,
ndati wadwala, sindinati malungo,
mwana ali pamphasa, iwe uli pa chifuwa,
tumiza njinga, tumiza njinga.

Tinayambiranso, ndinadinanso thu. Tinayambiranso, thu yemweyo, ine nyimbo ikunka ikoma, mdzukulu wanga pansi pa chulu atagwira mimba ndi kuseka. Koma pakati pa nyimboyo mtima unandizizira. Izi ndi zoyerekeza. Tsiku lenileni, bamboyu akadzandizungulitsa chonchi, mwana wanga adzatani?

"Anganga, ndifunse," anatero mtsikana, mawu ali pansi. "Wani uja mwamumva?"

"Ndamumva."

"Nanga mwamusiyiranji?"

"Wani ndi wa mbuzi, mwanangu. Mbuzi ndiyo timati ikufuna kubereka, poti ilibe adani. Munthu satero. Mwana akadali m'njira mawu amenewo sititchula. Munthu amadwala basi. Khutu langa litamva kuti wadwala, lamva mdzukulu wanga."

Anavula magalasi, napukuta, navalanso. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wopeza singano m'chitenje chimene wavala.

"Amayi anga amatero. Azakhali anga amatero. Mawuwa ndakula nawo, koma pokonza nambala tinatenga a kuchipatala." Kenako anandiponyera funso. "Tsono tikasintha, tikati wadwala dinani wani, wa malungo adzadina pati? Nayenso wadwala."

Nyimbo inatha m'kamwa. Zoona, mawu ndi amodzi, matenda ndi awiri, ndipo ife timawasiyanitsa ndi maso, ndi kutsitsa mawu, ndi kuloza ndi mlomo. Nanga foni ili ndi mlomo wolozera?

Nyimbo zanga zinali zitakoka kale anzanga awiri oyandikana nawo nyumba, amayi a msinkhu wanga. Wamtali, amene makolo ake anachokera ku Mozambiki, anati kwawo amati matenda ayamba. Wamfupi anati ayi, aziti nthawi yakwana.

"Nthawi ya chiyani, achemwali? Ya tiyi?" anatero wamtali.

"Inu matenda anuwo ayamba liti, poti munabadwa nawo?"

"Ine ndinabadwa nawo, inu munakwatiwa nawo."

Mtsikana sanalowerere. Anatikhazika motalikirana, aliyense atatseka maso, iye n'kumatchula mawuwo mmodzimmodzi, ife tikweze dzanja tikamva kuti akunena za mayi wa mimba. Pa mawu ena tinakweza tonse, ena mmodzi yekha, ena wamfupi anakweza manja onse awiri kuti apambane mkangano. Pochoka anati akupita kukakhalanso pa zulu za agogo ena, cha ku Lirangwe ndi kupitirira, poti chala chimodzi sichingalankhulire zala zonse.

Anapita. Chimanga tinakolola, tinatonola, tinathira mankhwala, mimba ikunka ikula, ine mantha akunka akula nayo. Nandolo atayamba kukhwima, kabaza uja anaimanso pabwalo.

Choyamba anatenga kafoni kathu, natulutsa kyutekisi wofiira wopaka zikhadabo m'chikwama, napaka batani limodzi. Anakonza kuti ndikalidina osachotsa chala, foni iziimba yokha nambala ija. Kenako tinakwera chulu. Ndinadina pofiira, ndinaika kukhutu.

Bambo wothamanga uja kunalibe. Munali mawu a mayi wachikulire, odekha, a kwathu kuno. Anandipatsa moni. Ine ndinayankha, ndipo anandidikira ndithu kuti ndimalize. Ndiye anati: "Ngati wapakati wadwala, dinani batani lililonse. Ngati ndi matenda ena, dikirani pang'ono."

Ndinachotsa foni kukhutu. "Lililonse?"

"Lililonse, anganga. Ndinaona chala chanu tsiku lija. Chinali chonyowa, chikunjenjemera, dzuwa lili pagalasi, komatu zinali zoyerekeza chabe. Kwa chala chotere wani ndi thu ndi nyumba zogundizana. Agogo enanso ndinaona zomwezo."

"Nanga ndege ikadutsa?"

"Mayiyo abwereza mpaka mutamva."

Ndinakhala pansi pachulu pomwepo. Ine ndaona zodabwitsa: ndaona ndege ikutera pafupi, ndaona anthu akuvotera zipani zambirimbiri popanda womangidwa, ndaona mawu a mkamwini akuchokera ku Joni kulowa m'chitini cha nyemba. Koma kuti kunjenjemera kwa chala changa kukwere minibasi, kukalowe m'maofesi a ku Blantyre, anthu ophunzira akhale pansi kukambirana za iko, mpaka makina asinthe chilankhulo, zimenezo mutu wanga sunazinyamule. Ndinangoyang'ana chalacho, chong'aluka, chikhadabo chakuda ndi dothi la nandolo. Iwe, ndinachiuza, wakafika kumene mwini wako sanapondeko.

Tinapangana ndi anamwino kuti mwezi wotsatira mdzukulu akakhale kuchidikiro, kufupi ndi chipatala. Koma mwana wa m'mimba sawerenga mwezi wa anthu. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, tikusenda nandolo pakhonde, ndinaona mdzukulu wanga wasiya kusenda, wagwira mzati, nkhope yasintha.

"Anganga, msana."

Panalibe kuseka tsopano. Lichero linagwa, nandolo mbwee pabwalo lonse. Beseni, zitenje, chitini, nyemba kutayika, chulu. Mmene ndinakwerera sindikudziwa, mawondo anaiwala zaka zawo. Maso anadzaza misozi, galasi osalionanso, koma chofiira chija ndinachiona. Ndinadina, ndinagwiritsa. Mayi uja anapereka moni wake, ine sindinayankhe, andikhululukire. Atangoti wapakati wadwala, ndinakanikiza chala pamabatani onse ngati ndikupha nsikidzi.

Kunalira kamodzi, n'kuyankha munthu weniweni, wopuma mpweya. Anafunsa mudzi, anafunsa chizindikiro cha panjira, ndinamuuza za mjigo ndi mtengo wa bwemba. Anati musamuyendetse, mugonekeni chammbali, tikubwera. Anzanga awiri aja anali atafika kale, mkangano ataiwala, mmodzi akusisita msana, wina akumanga katundu. Ndisanamalize pemphero, fumbi la njinga yamoto ija linatulukira kumsewu.

Mdzukulu anamugoneka m'ngolo, ine kumbuyo kwa woyendetsa, nditamukumbatira mwana wa eni ngati ndinamubala ndine. Kuchipatala anamulowetsa, ine anandisiya pabenchi ndi beseni pamiyendo. Ndinakhala pamenepo, mthunzi ukusuntha. Nyimbo zonse zinandithawa. Ndinkangomvera chitseko.

Dzuwa litapendeka anamwino anasuzumira. "Agogo a mtsikana wa pa njinga ndi ati?"

Ndinaimirira, beseni n'kugwa.

"Wachira. Mwana wamkazi. Wafulumira kubwera, ndi wochepa, koma akupuma yekha. Mukanachedwa nayo nkhaniyi ikanakhala ina."

Mwana wotere, anatiuza, safuna mphepo, amafuna chifuwa cha munthu, khungu kukhungu, usana ndi usiku. Mayi akatopa, wina alandire. M'mawa mwake mdzukulu wanga tulo titamugonjetsa, anamwino anandiuza kuti ndimasule bulauzi. Anandiika kamwanako pakati pa mabere anga ouma, nakamanga ndi chitenje, kachipewa kakufika m'maso. Kanali kopepuka ngati nkhunda, kotentha ngati mbatata ya paphulusa. Kanasuntha mutu, kanafunafuna, kanapeza pogona. Ndipo ine, amene sindikhala chete ngakhale m'tchalitchi, ndinakhala duu mpaka masana, kuopa kusokoneza kupuma kwake.