Ramazani ya Mwana wa Anglikani

Ndine munthu amene anasiyira koleji panjira mwaulemu wake, choncho za maphunziro ndimazilankhula ndi mphamvu zonse. Koma kuti munthu asiye koleji ayenera kuyamba wafikako, ndipo ine anandifikitsako ndi anzanga, mothandizidwa ndi njala.

Ndili Fomu 4 pa sekondale yoyendera kufupi ndi Makokola, ndinali membala wokhulupirika wa gulu la atsikana okhala kumbuyo. Lamulo lathu linali limodzi: wokweza dzanja m'kalasi ndi wodzimva. Belu la buleki likalira tinkathamangira kumsewu kukadya zitumbuwa zotigulira anyamata a kabaza, ndipo masamu ankayamba mpaka kutha ife tikutafuna. Bambo ataona mmene ndinakhozera teremu yoyamba sanakalipe. Anangoti, "Ukalakwa mayeso a boma usadandaule. Azakhali ako akuti kuhotela kukufunika woyala mabedi."

Kenako unakwana mwezi wa Ramazani. Anzanga onse m'gululo anali Asilamu, wa Anglikani ine ndekha. Belu litalira palibe anadzuka, poti onse anali atafunga, kutanthauza kusala kudya. Ndinapita ndekha kumsewu, nkubwerako milomo ili nyezinyezi ndi mafuta.

"Iwe, kadyere uko," anatero mtsogoleri wathu, mtsikana wa ku Katuli amene ankakhala kwa amalume ake. "Fungo lakolo likutizunza."

"Ndiye ndizicheza ndi ndani?"

"Funga nawe. Kapena mimba yakoyo ndi imene imakulamula?"

Ndinafunga. Chikhulupiriro sichinalowepo, ndinkangoopa kusekedwa. Amayi pondiona ndikukana phala anafunsa bambo kuti, "Mwanayu tipite naye kwa ansembe kapena kuchipatala?"

Tsono munthu wofunga sayendayenda padzuwa la ku Mangochi. Miseche inaletsedwa, anyamata analetsedwa. Gulu lathu litachotsedwa ziwirizi, linapezeka kuti lilibe nkhani. Tinkangoyang'anana pansi pa mtengo, mimba zikulira mosinthana, mpaka tsiku lina mtsogoleri anatsegula buku la bayoloje kuti aiwale njala. Tinayambira pa kagayidwe ka chakudya m'thupi, poti ndi zimene zinali pamtima.

"Chitumbuwa chikachoka m'mimba chimapita kuti?" anandifunsa.

"Sindikudziwa."

"Mwamumva? Chaka chonse akudya, njira yake osaidziwa!"

Anandiseka mpaka wina anagwa chagada. Madzulo ake ndinawerenga mutu wonsewo, kuti mawa ndiseke ndine. Kuseka kunali komwe kuja, kunangosintha wosekedwa. Tsiku limene ndinakweza dzanja kumbuyo kuja, aphunzitsi a masamu anandiyang'ana mwachisoni nati, "Pita, koma usachedwe." Ankayesa ndikupempha kupita kuchimbudzi.

Idi itadutsa tinabwerera kumsewu, koma tinapeza kuti a kabaza aja anasamutsira chifundo chawo ku Fomu 2. Sitinalire kwambiri. Tinali titalawa kukoma koyalutsana ndi mafunso, ndipo tinapitiriza mpaka mayeso.

Ndinakhoza. Bambo anatumiza mawu kwa azakhali kuti mabedi aja apatse wina. Za ku koleji ndi mlandu wina: kumeneko aliyense anali waulemu, panalibe wondiseka, ndiye ndinafooka.

Wa ku Katuli uja lero ndi namwino. Ramazani ikafika ndimamuphikira futali wa mbatata, ndimakamupatsa ndekha, ndipo iye amanena kuti wachepa nsinjiro. Ndimavomera. Chifukwa cha pakamwa pakepo, bedi limene ndimayala ndi langa lokha, nalonso osati tsiku lililonse.