Sitima Imene Inamira Kawiri

Mkulu wina ntchito yake inali yokhoma zidebe, koma mtima wake unali pa sitima yapamadzi, chimphona chimene chinamira kalekale chitawomba phiri la madzi oundana. Akaweruka ankakakhala ku laibulale, magalasi ali pamphuno, kufufuza mmene amisiri anailumikizira. Za kumirako sankazikonda. Ankati, “Kumira ngakhale mwala umatha. Luso ndi kuyandama.”

Ndiye anakhoma yakeyake ya malata, yotalika ngati mkono, yokhala ndi tizipinda tosalowa madzi. Mkazi wake ankangoitchula kuti mkazi mnzake.

Tsiku lina mlamu wake, mphunzitsi, anabwera kudzaibwereka.

“Ana akangoiona basi, alamu. Ndikaisamala ngati dzira. Mundibwerekenso nyundo ndi msomali, ndikapachikire chithunzi.”

Mkuluyo anavala jekete n'kulondola kusukuluko, kuti ana akamufunse za kakhomedwe kake. Anawapeza atazungulira bafa pabwalo, akuwomba m'manja. Mlamuyo anali ataboola kachipinda kalikonse, poti sitimayo inkakana kumira.

“Musadandaule alamu, phunziro lalowa,” anatero mphunzitsiyo.

Mkuluyo anayandikira bafalo. Anapinda mkono wa jekete n'kuivuula yekha, madzi akuchucha m'mabowo onse. Nyundo yake inali pambali pa bafa. Atasuzumira m'kalasi, khoma linalibe chithunzi.