Chala si yankho

Zinali zaka zija zimene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Kusukulu kwathu ku Kande kunabwera mphunzitsi wochokera kuchigawo chapakati, amene kondoole, nsima yathu ya chinangwa, sankamudya. Anauza ana a sitandade folo kuti aliyense akafufuze ntchito imodzi ya pakhomo, adzaifotokoze pamaso pa anzake, m'Chichewa. Mdzukulu wanga wamkazi, amene ndinkamulera, anapatsidwa kuviika chinangwa.

Mwanayo anali atabwereza kale kalasiyo, ndipo anzake ankamuseka chifukwa Chichewa chake chinkatuluka ndi Chitonga. Anandiuza poyera kuti akamusekanso, sukulu aisiya.

Anabwera ndi kope ine ndikusenda.

"Agogo, chinangwa chimakhala m'madzi masiku angati?"

"Mpaka chifewe."

"Chimafewa liti?"

"Umadina ndi chala. Chikalowa, wavuula."

Analemba. Mawa lake anabwerera atatupa masaya. Aphunzitsi akuti chala si yankho, akufuna nambala. Ine ndayamba kuviika chinangwa mabere asanamere, sindinawerengepo masiku a chinangwa ngati ndi mimba. Ndinati kalembe atatu, ndipume. Anakana, akuti aphunzitsi anati osalemba chimene sunachione.

Ndiye mavuto anayamba. M'mawa uliwonse ndinkapeza mtsuko wanga wa pansi pa mango wavundukulidwa, chidutswa chimodzi cha chinangwa chasowa. Ndinanamizira mbuzi. Kenaka mayi woyandikana nafe anabwera akukalipa kuti mwana wanga akupisa dzanja m'diramu lake la chinangwa limene linkakhala padzuwa. Ndinapepesa ndi mbale ya usipa, usipa wanga wa ndiwo. Pofufuza ndinapeza zidutswa zili ndandanda kuseri kwa khitchini, chilichonse m'tsamba lake la nthochi, cholembedwa tsiku lake ndi khala. Ndinatenga tsache kuti ndizisese. Mwanayo anagwira tsachelo ndi manja awiri. Ndinazisiya.

Tsiku lofotokoza ndinamulondola, ndikaone chimene ndinatayira usipa. Ndinaima pazenera. Mwanayo atamasula masamba aja, fungo linadzaza kalasi, aphunzitsi anabwerera m'mbuyo mpaka kutsamira bolodi. Ana anayamba kuseka. Mwanayo anati cha padzuwa chinafewa tsiku lachitatu, cha pamthunzi lachisanu.

"Ndiye yankho ndi liti?" anafunsa aphunzitsi atagwira mphuno.

"Dinani, aphunzitsi."

Anadina choyamba, gwa. Chachiwiri, gwa. Chachitatu chala chinalowa mpaka chikhadabo kubisika. Ana anasekanso, koma tsopano ankaseka aphunzitsi amene ankasowa popukutira. Iwo anatenga choko ndi dzanja lamanzere, nalemba pabolodi. Mnyamata wa pafupi ndi zenera anandiwerengera: atatu, asanu, chala.

Sabata yathunthu, usipa wanga, ndi mayi uja amene sanandipatse moni mwezi wonse, kuti alembe chimene ndinanena tsiku loyamba.

Lolemba mwanayo anadzuka yekha, anavala yunifolomu. Potuluka anatembenuka ndi kope lija.

"Agogo, nanga usipa umauma masiku angati?"