Zala Zitatu za Mchere

Ndinataya izi: mkazi wanga Tiyamike. Mbali ya bedi ya kukhoma. Nyimbo ya kwaya imene ankaiimba molakwitsa akamachapa. Munthu wodziwa kuluka tsitsi la mwana wathu Upile osamuliza. Ndi dzanja limene linkathira mchere m'ndiwo za m'nyumba mwathu.

Zinazo anthu amazimvetsa. Koma ndikatchula za mchere amandiyang'ana ngati chisoni chandisokoneza mutu. Kuti ndifotokoze bwino, ndiyenera kubwerera kwathu ku Nkope, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anasiya nkhafi. Anali atapalasa bwato kuyambira unyamata wawo, koma chaka chimenecho anagula boti ya injini, nalemba anyamata oti azipita pamadzi. Iwo ankangokhala pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa, ndudu ili pakamwa, mbale ya nsomba zokazinga ili pambali, kamulu ka mchere kali m'mphepete mwa mbaleyo. Mimba inakula, anthu n'kumati ndi madalitso. Ndikatseka maso, masiku amenewo amabwera oyera mbee: usipa ukunyezimira padzuwa, mpweya ukuvina pamwamba pa mchenga, abambo ali pakati pa kuwalako osagwedezeka, ngati mwala wa m'madzi.

Kenako mapazi awo anayamba kutupa. Nsapato za kutchalitchi zinakana kulowa. Akamakwera kamtunda kochokera kudoko ankaima pakati, dzanja lili pachifuwa, ngati akumvetsera munthu amene akuwaitana kutali.

Azakhali, mlongo wawo wamkulu wa abambo, anabwera kudzawaona. Anadina phazi ndi chala, chala n'kusiya dzenje.

“Uwu ndi mdulo,” anatero, maso ali pa amayi.

Kwathu kuli mwambo wakuti mkazi akakhala wotentha, kaya ali kumwezi kaya wayenda njira zosayenera, sathira mchere m'ndiwo. Akathira amadula mwamuna wake, ndipo mwamunayo amatupa mapazi, chifuwa n'kumamupweteka. Pa masiku oterowo mchere amathira ndi mwana, chifukwa mwana ndi wozizira. Ine panthawiyo sindinkadziwa kulemera kwa mawu a azakhali. Ndinangoona amayi atasiya kusenda anyezi. Patapita masiku ndinaonanso kuti amayi akafika pamjigo, akazi anzawo ankadula nkhani. Mbiri yawo inali ikutha pamodzi ndi mpweya wa abambo.

Kuchipatala cha ku boma anati ndi kuthamanga kwa magazi, kumene aliyense amangoti BP, ndipo mtima wayamba kutopa. Anawapatsa mapiritsi. Anawauza kuti achepetse mchere ndi zokazinga, asiye fodya, aziyenda. Abambo anabwera akuseka.

“Akuti ndizidya ndiwo zozizira. Ine, mwana wa m'madzi? Ndiye bola andimange chingwe ndizikadya ndi mbuzi.”

Mawa lake masana amayi anandiitana kukhitchini. Abambo ndi azakhali anali pakhonde. Amayi anayankhula mokweza, mawu amene sankawagwiritsa ntchito kawirikawiri.

“Popeza akuti dzanja langa ndi lotentha, ine mchere sindiukhudzanso m'nyumba muno. Azithira mwanayu, Gabu.”

Azakhali sakanatsutsa, pakuti mwambowo anaubweretsa ndi iwo. Abambo sakanafunsa, pakuti mwamuna safunsa nkhani zotere pamaso pa mlongo wake. M'khitchini muja amayi anatenga dzanja langa, napinda zala ziwiri zakumapeto, nasiya zitatu.

“Tsina,” ananong'ona. “Osati kutapa. Kutsina.”

Ndinatsina. Timchere tinagwera mumphika ngati mvula yowaza, n'kusowa.

Abambo atalawa anandiyang'ana nthawi yaitali. “Gabu, mcherewu wathira, kapena wangouonetsa mphika?” Anatambasula dzanja kuti wina awapatsire wowonjezera.

“Wathira kale mwana,” anatero amayi mofatsa. “Musaonjezere, mungamuchititse manyazi.”

Ine ndinaweramitsa mutu, ndipo manyazi ake anali enieni. Abambo ankandikonda. Anabweza dzanja lawo, nadya akudandaula.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Amayi anachulutsa matimati ndi anyezi, nafinyira ndimu pa chambo chowiritsa, naponyamo katsabola ka kambuzi. Bonongwe ndi nkhwani wotendera zinayamba kudzaza mbale kuposa nsomba zokazinga. Nthawi zina ankagwedeza dzanja langa pang'ono ndisanathire, kuti timchere tina tibwerere m'chitini. Tsiku lina nditawafunsa ngati ndiwo zozizira sizidwalitsa, anandilozera kumadzi ndi chipande.

“Nyanja yathuyi ilibe mchere. Koma taona mmene chambo chimanonera.”

Kenako anauza abambo kuti ine ndikuopa agalu a panjira ya kusukulu, ndiye azindiperekeza. Agaluwo ndinkawadziwa mayina onse. Koma m'mawa uliwonse tinkanyamuka awiri, mame akadali pa udzu, milambe itaima m'nkhungu ngati anthu akuluakulu amene aiwala kumene amapita. Poyamba ndinkamva mpweya wawo kumbuyo kwanga ukulira ngati mpope wa njinga. Tinkapumula pamlambe woyamba. Patapita milungu tinkapumula pa wachiwiri. Ndudu anayamba kuisiya kunyumba chifukwa inkawadula mpweya pamtunda, ndipo m'kupita kwa nthawi anaiwala kumene anaisiya. Sindikumbukira kuti tinkakamba chiyani. Ndimangokumbukira m'mawa wina pamene ndinazindikira kuti kumbuyo kwanga sikukumvekanso kanthu. Ndinacheuka ndi mantha, n'kupeza abambo ali pambali panga, akuimba mluzu.

Mvula itatha kunali chinkhoswe cha mwana wa azakhali. Ndiwo za alendo olemekezeka anaphika okha azakhali. Abambo anasunsa mbamu yoyamba, naika mkamwa, nkhope n'kukwinyika. Anamwa kapu yonse ya madzi.

“Achemwali, mchere umenewu mwathira ndi fosholo?”

“Ndathira mmene ndimathirira masiku onse,” anayankha azakhali. “Mmene unkaukondera iwe.”

Anthu anaseka. Koma azakhali sanaseke. Maso awo anali atatsikira pansi, pa mapazi a abambo, amene anali m'nsapato za kutchalitchi, zingwe zomangidwa bwinobwino. Amayi ankangotola mbale ngati sanamve kanthu.

Pobwerera kunyumba abambo anandigwira paphewa. “Mayi akowa ndi mfiti ya mtundu wina,” anatero. “Amalodza munthu kuti akhale ndi moyo.” Ndipamene ndinadziwa kuti za agalu zija ankazidziwa kuyambira kale. Mawa lake azakhali anabwera kudzabwereka musi, pamene kwawo anali nayo iwiri, ndipo anakhala mpaka kudya chakudya chophika amayi. Nkhani za pamjigo zinathera pomwepo. Abambo alipo mpaka lero, amamwa mapiritsi awo, amayenda kukaona boti ndi miyendo yawo.

Tiyamike ndinakumana naye ku koleji. Nkhani imeneyi ndinamuuza tisanakwatirane, ndipo anaseka mpaka misozi. Titakhazikika m'tauni ya Mangochi, ine ndikugwira ntchito ya mu ofesi yokhala pampando tsiku lonse, kuchipatala anandipeza nanenso ndi BP yokwera. Madzulo ake ndinapeza Tiyamike ataima pa mbaula, zala ziwiri atapinda, zitatu zili m'chitini cha mchere. Chitinicho chinachoka patebulo. M'mawa anayamba kunena kuti akufuna kukaona mtsinje, ndiye ndimuperekeze, ndipo tinkayenda mpaka pa mlatho, Upile ali kumsana, Shire akutsetsereka pansi pathu mwakachetechete ngati nayenso sanadzuke.

Tiyamike mutu unkamupweteka kawirikawiri. Ankati ndi kutentha kwa kuno. Ine ndinkayezedwa mwezi ndi mwezi, iye akudikira pabenchi panja ndi mwana. Tonse awiri tinkaganiza kuti wodwala m'nyumba ndi mmodzi.

Anagwa pamsika Loweruka lina m'mawa, ali ndi mulu wa matimati m'manja, ndipo sanadzukenso. Adokotala ananena mawu ataliatali. Ine ndinamva awiri: magazi ndi mtima.

Kusukulu tinaphunzira kuti mtima ndi mnofu umene umagwira ntchito wokha, osapuma, osapempha. Lero ndikudziwa kuti suli wokha. Umasungidwa ndi zinthu zing'onozing'ono zimene zimabwera tsiku lililonse: zimene zathiridwa mumphika, mtunda umene wayendedwa m'mawa, ndudu imene yaiwalika. Ndipo kawirikawiri zimenezi zimabwera m'dzanja la munthu wina, amene amabisa chikondi chake m'mwambo, m'agalu a panjira, mumtsinje umene akuti akufuna kukauona. Ndikudziwanso kuti dzanja lothira mcherelo nalonso lili ndi mtsempha umene umagunda, ndipo liyenera kuyezedwa. Mwezi watha ndinapita ku Nkope, n'kutenga amayi kupita nawo kuchipatala. Anakana njira yonse, koma mkono anaupereka.

Tsopano ndimaphika ndekha. Upile ali ndi zaka zinayi. Amakwera pa kampando, ine n'kupinda zala zake ziwiri, iye n'kutsina. Amaganiza kuti ndi masewera. M'mawa timayenda mpaka pa mlatho, ndipo masiku ena, nkhungu ikakhala pamadzi, ndimamva ngati tili atatu.

Loweruka lija Tiyamike anasiya nyemba pa mbaula. Anali atatuluka kale, dengu lili m'manja, koma anabwerera, nasuzumira pakhomo. Dzuwa linali kumbuyo kwake, moti nkhope yake sindinaione bwino.

“Bambo a Upile,” anatero, “m'nyembamo ndathira kale. Musaonjezere.”