Chiboda cha Mawanga

Abiti Ayuba, mlimi wa mpunga wa kwa Mwambo m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, si munthu wouzidwa zochita. Mbuzi yawo, Mawanga, anailera ndi botolo make atafa, ndipo imawatsata ngati mwana. Chaka chatha chiboda chake chinawola pakati, fungo lili guu! Anansi anathirapo oilo wakuda, koma chilonda chinkangobwerera.

"Achemwali, iyi siidzayendanso. Ingoizingani tidye," anatero mchimwene wawo, a Twaibu.

"Mpeni ndigwira, koma osati wapakhosi," anayankha motero.

Mayiwa anali atazindikira kuti cholakwa chinali chawo chomwe. Mbuziyo ankaimangirira kudambo, kumene msipu ndi wobiriwira koma matope sauma. Anawenga chibodacho ndi mpeni, n'kumachitsuka ndi madzi amchere ofunda m'mawa ndi madzulo. Anaimangira khola lam'mwamba, ndipo kwa milungu isanu ankaisenzera okha udzu kuchokera kudambo kuja.

Lero Mawanga amalumpha mpanda n'kukadya mpiru kudimba kwa a Twaibu. Akabwera kudzadandaula, Abiti Ayuba amangoti, "Ithamangitseni, achimwene. Si ija munkati siidzayendanso?"